Dzina loti Rufaida, alipo akulidziwa bwino?

mayi_wa_Yusufu
Assalam alaikum abale ndi alongo. Ndine woyembekezera miyezi 8 ndipo sikani ikuonetsa kuti ndi mtsikana in shaa Allah. Nde nkhani yavuta ndi ya dzina. Ine mtima wanga uli pa Rufaida, ndinalimva kamodzi pa wailesi mwezi wa Ramadhan shehe wina akukamba za amayi a nthawi ya Mtumiki Muhammad (SAW) ndipo chichokereni tsiku limenelo silikuchoka m'mutu mwanga. Koma apongozi akuti chibadwire sanalimvepo dzina limeneli, iwo akufuna mwana akhale Patuma, dzina la malemu mayi awo. Bambo akunyumba angoti zii, akuti tiona mwana akabadwa. Amene mukudziwa Chiarabu ndithandizeni tanthauzo lake lenileni chifukwa pa intaneti ndapeza matanthauzo atatu osiyana, ena akuti mphatso ena akuti wothandiza ena akuti chotsamira, nde sindikudziwa zoona ndi ziti. Komanso alipo ali ndi mwana kapena m'bale wa dzina limeneli? Sindikufuna mwana wanga adzavutike nalo ku sukulu.

Binti_Mangochi
Wa alaikum salam. Masha Allah achemwali, Allah akuchitireni chifundo mubereke bwino. Dzinalo ndi lokoma koma konzekeranitu, kwathu kuno anganga adzamuitana Lupaida. Muiwale za R ndi F.

Mnyamata_wa_Joni
Ilo si lija limatanthauza phindu? Faida pa Chiswahili ndi phindu, ma Tanzania ndimagwira nawo ntchito kuno amangoti faida faida tsiku lonse. Mwana wa phindu, palibe vuto pamenepo

Wophunzira_Cairo
@Mnyamata_wa_Joni ayi achimwene, kumveka kokha ndi komwe kwafanana. Faida ya Chiswahili inachokeradi ku Chiarabu koma tsinde lake ndi lina.

@mayi_wa_Yusufu matanthauzo atatu mwapezawo onse ndi oona, sakutsutsana ayi. Ndifotokoze pang'onopang'ono. Mawu ambiri a Chiarabu amamera pa zilembo zitatu, ndipo Rufaida tsinde lake ndi r, f, d. Mneni wake ndi rafada, kutanthauza kuthandiza munthu, kumupatsa, kumuchirikiza kuti asagwe, monga momwe timaikira mtengo wa mphanda pansi pa nthochi yomwe yalemedwa ndi mkoko. Rifd ndi chithandizo kapena mphatso yomwe wapereka. Nde mukaona wina walemba mphatso, wina wothandiza, wina chotsamira, onsewo akutunga pa chitsime chimodzi.

Tsinde lomweli mulipeza m'mawu ena. Rafid ndi kamtsinje kothira madzi mu mtsinje waukulu, ngati mmene Ruo amathirira mu Shire pa Chiromo paja. Dziko la Iraq Aarabu amalitchanso Bilad al-Rafidayn chifukwa cha mitsinje iwiri ya Tigris ndi Euphrates. Ndipo ku Makka kale Chisilamu chisanabwere kunali udindo wotchedwa rifada, wodyetsa alendo obwera ku Kaaba, womwe Hashim, agogo a agogo ake a Mtumiki (SAW) kumbali ya bambo, anaugwirapo.

Tsono kapangidwe ka dzinali ndi kochepetsa mwachikondi, ngati ife tikamati kamwana, kaduwa. Aarabu amaika u pa chilembo choyamba kenako ai pakati. Hasan amakhala Husain, Abd amakhala Ubaid, hamra yemwe ndi wofiira amakhala Humaira. Nde Rufaida mukhoza kunena kuti kamthandizi, kapena kamphatso kakang'ono.

Wophunzira_Cairo
Ndikonze pang'ono, Hashim ndi bambo wa Abdul Muttalib, ndipo Abdul Muttalib ndi agogo ake a Mtumiki (SAW). Ndinaonjezera m'badwo umodzi, pepani.

Nachisale_Leeds
Ine ndine Mkhristu koma gulu lino ndimalikonda, nde mundilole ndiponyepo. Mmene afotokozera apamwambawa ndiye kuti mwanayo ndi Thandizo kapena Mphatso basi. Muwauze choncho apongozi, mwina akamva pa Chichewa mtima ukhala pansi. Akuluakulu nthawi zambiri sakana dzina, amakana chinthu chomwe sakuchimva.

mayi_wa_Yusufu
@Wophunzira_Cairo jazakallah khair, chitsanzo cha nthochi chija ndachimva bwino kwambiri. @Nachisale_Leeds zoona amayi, ndiyesera.

Abu_Hamza77
Ine ndikuchenjezeni. Mawu amenewa ali mu Qur'an koma pamalo osakhala bwino, mu Surah Hud akukamba za Firauni ndi anthu ake. Komanso Rafida si dzina lija amatchulira Ashia? Mwana osamupatsa dzina lokayikitsa pamene mayina abwino ali mbwee. Patuma ndi Fatima, mwana wa Mtumiki (SAW) weniweni, mukufunanso chani kuposa pamenepo

Wophunzira_Cairo
@Abu_Hamza77 za Surah Hud mwanena zoona, ndi ayah 99, ndipo mawu ake ndi bi'sa r-rifdu l-marfud, kutanthauza kuti ndi yoipa zedi mphatso yomwe apatsidwayo. Koma taonani bwino, choipa pamenepo si mawu oti mphatso, ndi temberero lomwe anthuwo alandira m'malo mwa mphatso. Mukanena kuti uyu walandira malipiro oipa sindiye kuti mawu oti malipiro aipa.

Za chachiwirizo ayi ndithu. Tsinde la mawu mwatchulawo limathera ndi chilembo cha dhad, cholemera chija, ndipo limatanthauza kukana. Rufaida ali ndi dal yopepuka. Pa zilembo zathuzi zonse timalemba d nchifukwa chake zikusokoneza, koma kwa Mwarabu ndi mawu awiri osayandikana nkomwe. Komanso mawu amenewo ndi onyoza, tisamawaponye pagulu chonde.

Abu_Hamza77
Chabwino ndamva za zilembozo. Koma maganizo anga pa Fatima sindisintha.

Woyang'anira_gulu
Nkhani za magulu achipembedzo ayi pano abale, tinagwirizana kale. Tibwerere ku dzina.

NesiWaUsiku
Aaa nkhani iyi yandipeza ndili pa ntchito, ndadikira mpaka odwala agone kuti ndilembe bwinobwino. Achemwali dzina mwasankhalo ndi la ife anamwino. Rufaida al-Aslamiya anali mayi wa ku Madina wa fuko la Aslam, ndipo ambiri amamutchula kuti namwino woyamba m'mbiri ya Chisilamu. Anali ndi tenti yake mu mzikiti wa Mtumiki (SAW) momwe ankasamaliramo anthu ovulala. Pa nkhondo ya Khandaq, ija anakumba ngalande kutchinga mzinda potsatira nzeru ya Salman wa ku Persia, chaka cha 627, Sa'd ibn Mu'adh yemwe anali mtsogoleri wa fuko la Aws analasidwa ndi muvi pa mkono, unadula mtsempha wa magazi. Mtumiki (SAW) analamula kuti amuike mu tenti ya Rufaida kuti azimuyendera pafupi. Tangoganizani, mfumu ya fuko lonse kuipereka m'manja mwa mayi, mkati mwa mzikiti.

Ife ku sukulu ya unamwino anatiphunzitsa za Florence Nightingale, ndipo pa 12 May chaka chilichonse timakondwerera tsiku la anamwino chifukwa ndi tsiku lomwe iye anabadwa mu 1820. Sindikumuchepetsa ayi, ntchito yomwe anagwira ku nkhondo ya Crimea ndi yaikulu. Koma Rufaida anamanga mabala zaka zoposa 1,200 iye asanapite ku Crimea, ndipo ine dzina lake ndinadzalimva ndili kale pa ntchito, dokotala wina wochokera ku Sudan ndi amene anandiuza tikusoka bala la mnyamata wa kabaza usiku wina magetsi atazima, ine nditagwira tochi ya pafoni. Anandifunsa ngati ndikumudziwa, ndinati ayi, ndipo ndinachita manyazi poti ndine Msilamu wobadwa nacho. Ndikanakhala kuti ndikuberekabe bwenzi nditalitenga ine dzinali.

Binti_Mangochi
Masha Allah thupi langa lachita tsemwe. Nde Sa'd uja anachira?

NesiWaUsiku
Ayi, bala linadzatsegukanso patapita masabata angapo ndipo anamwalira nalo. Mtsempha ukaduka pamalo ngati amenewo ngakhale lero timathamanga nawo ku fiyeta.

Ustazi_wa_kuNkhotakota
Ndawerenga zonse. Anesi mwafotokoza bwino, ndingoonjezera kuti tisamale pa zomwe zimazungulira pa WhatsApp. Olemba mbiri oyambirira sanalembe zambiri za mayiyu. Ibn Ishaq, yemwe anamwalira cha m'ma 767, anangoti anali ndi tenti mu mzikiti, ankachiza ovulala, ndipo anadzipereka kutumikira Asilamu omwe analibe owasamalira pofuna malipiro kwa Allah. Ndi mizere yochepa chabe. Ibn Sa'd yemwe anabwera pambuyo pake amakamba nkhani yomweyi ya tenti koma mayiyo akumutchula kuti Ku'ayba bint Sa'd, nde akatswiri ena amati ndi munthu mmodzi wa mayina awiri ena amati ndi anthu awiri. Zina zomwe mumaziona zoti anatsegula sukulu ya unamwino, analemba malamulo a ntchito, zimenezo ndi za olemba a masiku ano. Kwa ine mizere yochepa ija ndi yokwana, makamaka pomwe akuti omwe analibe owasamalira. Dzina ndi lololedwa, ndi la swahaba wachikazi, mmodzi wa okhulupirira omwe anakhala ndi Mtumiki (SAW), tanthauzo lake ndi labwino. Palibe choletsa.

Koma mwana wanga, za apongozi musazitenge mopepuka. Iwo sakulimbana ndi Chiarabu, akufuna mayi awo amveke pakhomo. Munthu akataya kholo amafuna dzina lija lizitchulidwabe m'mawa ndi madzulo.

NesiWaUsiku
Zikomo a Ustazi, za Ku'ayba sindinkazidziwa.

Aphunzitsi_Std4
Mwafunsa za ku sukulu nde ndiyankhe ine. Ndaphunzitsa ku Machinga zaka zambiri ndipo mu rejisitala sindinalembepo Rufaida ngakhale kamodzi. Amene amadzaza ndi a Patuma, Mariamu, Asiyatu, Hawa, Amina, Zainabu, Shakira, moti ukaitana Patuma amadzuka atatu nthawi imodzi nde umachita kuwasiyanitsa ndi dzina la bambo kapena kuti wamtali ndi wamfupi. Dzina losowa lili ndi ubwino wake, mwana sasokonezedwa ndi mnzake pa mayeso. Vuto lake ndi ife aphunzitsi amene, tsiku loyamba tidzalemba Lufaida, wina Rufayida, wina Rufina poganiza kuti mwana walakwitsa kutchula. Nde inu mayi tsiku lokalembetsa mudzapite nokha ndi kapepala kolemba kale, musadzatume mkulu wake.

Mnyamata_wa_Joni
Izi nde zoona. Ine dzina langa pa chitupa cha dziko linalembedwa ndi L, pa setifiketi ya fomu 4 lili ndi R, pa pasipoti anachotsa chilembo chimodzi. Nditafika kuno ku banki anandibweza kawiri akuti ndi anthu awiri osiyana. Ndinachita kubwerera kumudzi kukalumbira kuti ndine yemweyo, ndalama ya basi yokha inandipweteka. Sankhani kalembedwe kamodzi kuyambira pa buku la ku sikelo mpaka kumapeto

mayi_wa_Yusufu
Nde kalembedwe koyenera ndi kati? Ndaona Rufaida, Rufayda, Rufaidah.

Wophunzira_Cairo
Onse ndi olondola poti pa Chiarabu ndi zilembo zisanu zomwezo, ra, fa, ya, dal ndi ta marbuta kumapeto. H ya kumapetoyo ena amaika poimira ta marbuta, yomwe siimveka ukaima pa dzinalo. Ukapitiriza kuwerenga imamveka ngati t, nchifukwa chake kwathu kuli a Asiyatu, anthu anatenga dzina momwe limamvekera powerenga ku madrasa. Musadzadabwe shehe wina wachikulire akadzati Rufaidatu. Ine ndikanasankha Rufaida, ndi losavuta kwa mlembi wa ku ofesi.

Gogo_wa_anayi
Ana inu mundikhululukire, foniyi andilembera ndi mdzukulu. Ine dzina langa ndine Patuma ndipo zikundiwawa pang'ono kuona ngati mayina athuwa akutha ntchito. Masiku ano mwana aliyense akubwera ndi dzina la pa intaneti, ukafunsa akuti la Chiarabu chenicheni, ngati kuti athuwa ndi abodza. Ayao kalelo F sitinkaitha nde Fatima tinamutcha Patuma, Khadija tinamutcha Adija, Halima ndi Alima, ndipo tinaswali nawo mayina amenewa, tinafunga nawo, ena anapita nawo ku Hajj. Mtsikana iwe dzina lakolo ndi labwino sindikukana, nkhani ya namwinoyo yandikhudza. Koma kwathu dzina la mwana silichokera kwa mayi yekha, akuchimuna amakhala ndi mawu, azakhali amakhala ndi mawu. Ukawalanda zimenezo adzamunyamula mwanayo koma mumtima muli kanthu.

Binti_Mangochi
Anganga mwanena zoona koma nafenso timve mbali yathu. Wonyamula mimba miyezi 9 ndi ndani? Ine ana anga atatu onse anatchulidwa ndi akuchimuna, sindinafunsidwe olo kamodzi, wachitatu ndinangomva ali kubwalo akulengeza ine ndili chigonere m'nyumba. Mpaka lero ndimamuitana dzina langa lomwe ndinamusungira mumtima ndipo iye amavomera onse awiri.

Gogo_wa_anayi
Pamenepo anakulakwira mwana wanga, kufunsa amayenera kufunsa.

Abu_Hamza77
Pa Chisilamu akasemphana maganizo bambo ndi amene ali ndi mawu omaliza pa dzina. Nde bambo akunyumbawo asangoti zii, ayankhule.

Ustazi_wa_kuNkhotakota
Ma ulama, akatswiri a chipembedzo, ambiri amatero ndithu, koma amalimbikitsanso kukambirana, ndipo palibe choletsa mwana kukhala ndi mayina awiri. Chomwe Mtumiki (SAW) ankayang'ana kwambiri ndi tanthauzo. Mkazi wake Juwairiya poyamba anali Barra, iye anamusintha. Mwana wamkazi wa Umar anali ndi dzina lotanthauza wonyoza malamulo, anamusintha kukhala Jamila. Dzina limenelo pa zilembo zathu limalembedwa Asiya koma lisakusokonezeni ndi Asiya mkazi wa Firauni uja anakhulupirira, zilembo zake ndi zina, nde a Asiyatu athu asade nkhawa.

Aphunzitsi_Std4
A Ustazi mwachita bwino kumaliza chiganizocho, mtima unali utayamba kale kugunda poganiza ana anga a mukalasi.

Nachisale_Leeds
Pa funso loti ndi lotchuka bwanji, kuno ku England boma limatulutsa mndandanda wa mayina a ana obadwa chaka chilichonse, moti mu 2023 Muhammad ndi lomwe linali pamwamba pa anyamata ku England ndi Wales. Atsikana achisilamu omwe ndimakumana nawo kuno ambiri ndi a Aisha, Maryam, Fatima, Zainab, Khadija. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba pamodzi ndi anthu a ku Pakistan, Somalia ndi Sudan, ndawafunsa lero pa nthawi ya tiyi, onse nkhani ya namwinoyo akuidziwa koma mmodzi yekha ndi amene anati ali ndi msuweni wa dzinali. Nde ngakhale kwa eni akewo si dzina lomwe ungalimve pa ngodya iliyonse.

Wophunzira_Cairo
Ndi momwemo kunonso, ndimalimva mwa apo ndi apo. Limaoneka kwambiri pa zikwangwani kusiyana ndi pa ana. Ku New Delhi pa yunivesite ya Jamia Hamdard kuli Rufaida College of Nursing, ndipo kumwera kwa Saudi Arabia m'chigawo cha Asir kuli tawuni yotchedwa Ahad Rufaidah, koma imeneyo dzina inatengera fuko la kumeneko, osati namwino uja.

Mnyamata_wa_Joni
Pepani kupatuka, aqiqa ya mtsikana ndi mbuzi imodzi eti? Mlongo wanga wachira sabata yatha akufuna ndimutumizire ndalama

Ustazi_wa_kuNkhotakota
Imodzi kwa mtsikana, ziwiri kwa mnyamata, tsiku la 7 ngati zatheka. Tsiku lomwelo amametedwa tsitsi ndi kupatsidwa dzina. Ngati ndalama palibe musakongole, mudzachita mukadzapeza.

Binti_Mangochi
Mbuzi zakwera mtengo koopsa, tumizani msanga asanakwezenso

mayi_wa_Yusufu
Abale ndabwereranso. Dzulo madzulo ndinapita kwa apongozi ndi shuga ndi kabotolo ka mafuta, tinakhala pa mkeka ndikuwathandiza kusola mtedza. Sindinayambe ndi dzina ayi, ndinayamba ndi nkhani ya tenti mu mzikiti momwe anafotokozera anesi, mpaka pomwe a Ustazi anati ankasamalira omwe analibe owasamalira. Anasiya kusola nkukhala chete nthawi ndithu. Kenako anandiuza zomwe sindinkazidziwa zaka 6 zonse ndakhala pa banjali, kuti malemu mayi awo anali azamba, theka la mudzi wawo linabadwira m'manja mwawo, ndipo ankadzutsidwa pakati pa usiku nkuyenda ndi nyali ya koloboyi kupita midzi ina osalandira kanthu kupatula nkhuku kapena ufa. Analira, inenso ndinalira. Sanavomere kuti Patuma achoke, ndipo kunena zoona inenso nditamva zimenezo sindikufunanso kuti achoke.

NesiWaUsiku
Subhanallah. Ndawerenga kawiri.

Gogo_wa_anayi
Wachita bwino kupita wekha mwana wanga.

Abu_Hamza77
Nde loyamba likhala liti? Poti la pa chitupa ndi lomwe limakhala dzina.

mayi_wa_Yusufu
Pamenepo sitinamalize. Bambo akunyumba tsopano ayankhula, akuti Fatima Rufaida. Ine ndimafuna Rufaida Fatima. Apongozi akuti zolembazo ndi zathu, iwo adzamuitana Patuma basi, ndipo ayesera kutchula linalo katatu konse likutuluka Lupaida.

Binti_Mangochi
Ndinanena ine poyamba pomwe

Aphunzitsi_Std4
Ku sukulu timaitana loyamba, lachiwiri limangokhala chilembo chimodzi mu rejisitala. Nde ngati mukufuna lizimveka ganizirani bwino. Mukaika Fatima patsogolo adzakhala Patuma wachinayi mukalasi.

mayi_wa_Yusufu
Alhamdulillah abale ndachira Lachiwiri m'bandakucha, mtsikana, makilo 3.1, tonse tili bwino. Anesi omwe anandithandiza anandifunsa dzina loti alembe pa buku, ndinati dikirani tsiku la 7 koma ndinawapatsa kapepala kaja monga munandilangizira aphunzitsi, anawerenga nkufunsa kuti ndi dzina la kuti, nde ndinawafotokozera ndili chigonere pa bedi. Aqiqa ndi Lolemba likudzali, mbuzi agula kale amalume ake. Talemba Rufaida Fatima, bambo ake anavomera okha atamunyamula.

NesiWaUsiku
Masha Allah tabarakallah! Mumpsompsone pa chipumi m'malo mwanga. Muyamwitse pafupipafupi ndipo pa mchombo musaikepo kanthu kena kalikonse kupatula zomwe akupatsani ku chipatala.

Ustazi_wa_kuNkhotakota
Allah amudalitse, akule ndi makolo ake onse awiri.

Mayi_Shakira_Zomba
Mabruk achemwali. Ndangolowa kumene pagulu lino, @Wophunzira_Cairo mungandithandizeko tanthauzo la Nusaiba? Wanga akubwera mwezi wa mawa ndipo nanenso apongozi ali ndi dzina lawo kale.